Mafupa a kwa Shemsu

Zaka ziwiri zinali zitatha, koma Shemsu wa kubutchala anali asanapepesebe. Mayi Etenesh sankafuna ndalama zake ayi. Ankafuna liwu limodzi lokha, lakuti pepani. Nkhosa ya bamboyo inadula chingwe, n'kuoloka msewu, n'kudya theka la nsawawa zimene mayiwa anayanika pamphasa kuti akagayitse ufa wophikira shiro, ndiwo yophala ya masiku onse. Mwini wake atabwera anangoigwira nyanga, amvekere, "Msewu si nkhokwe, mayi," basi n'kumapita. Kuyambira tsikulo, Mayi Etenesh akayandikira butchalayo ankaolokera tsidya lina, kaya kukhale matope. M'dera lino la Kolfe aliyense ankadziwa kuti mayi wogulitsa anyezi ndi tomato pamphambano uja, amene amakubweza ndalama ikaperewera ndi bir imodzi yokha, saiwala.

Ndiye mwana wawo Sosina atanena kuti, "Amayi, chakudya cha galuyu chikatha mukatenge mafupa kwa a Shemsu," iwo anaomba m'manja kamodzi.

"Ine? Kwa Shemsu? Uyambe wandiika m'manda."

Galuyo anali atabwera Lamlungu. Sosina anakamusankha kunja kwa mzinda, kumene amasungirako agalu otoledwa m'misewu. Anali wofiirira, woonda, khutu limodzi lopindika, dzina lake Dama. M'khosi monse munali chipsera chopanda ubweya, chozungulira ngati mkanda. Mwini wake woyamba anamumanga tcheni ali kamwana n'kuiwala kumasula, khosi n'kumakula, tcheni n'kulowa m'mnofu.

Mayi Etenesh sankafuna galu. Koma akanakana bwanji? Mwana woyamba wa Sosina anabadwa atamwalira kale, ukwati n'kutha, mtsikanayo n'kubwerera kwa mayi ake. Miyezi isanu ndi iwiri ankangogona atayang'ana kukhoma. Anamumwetsa madzi odalitsidwa a kutchalitchi, osathandiza. Anamukalipira, osathandiza. Kenako tsiku lina anatuluka m'chipinda foni ili m'manja, n'kuwaonetsa chithunzi cha galu wachipsera. "Ndikumufuna uyu." Chinali chinthu choyamba kupempha chibwerere.

Amene anabweretsa galuyo pagalimoto anali mtsikana wa kosungira agaluko, dzina lake Lemlem. Anasiya kathumba ka chakudya chouma ndi pepala, n'kulankhula mwaulemu koma mosapita m'mbali.

"Loweruka ndibweranso, mayi. Ndikapeza kuti sakudya kapena wamangidwa, ndimutenga. Si kuipa mtima, ndi mmene timachitira."

Atapita, Sosina anawawerengera mayi ake pepalalo, poti iwo sukulu anailekeza zilembo zisanakhazikike. Asamangidwe. Asakalipiridwe. Asakokedwe, azisiyidwa kuti abwere yekha.

"Malamulo atatu a galu mmodzi?" anatero Mayi Etenesh. "Ine ndinakwatiwa ndi bambo ako popanda pepala ngakhale limodzi, ndipo tinakhala zaka makumi atatu."

"Amayi, ndilonjezeni."

"Ndamva, ndamva. Pita ukagone."

Lachiwiri Sosina anakwera basi ya ku Adama kukatenga katundu wake kwa apongozi ake akale, kuti adzabwere Lachisanu madzulo. Galu anatsala kunsi kwa bedi lake, mphuno yokha ikuonekera.

Inali sabata yachitatu ya kusala kwakukulu kodikira Pasaka. Masiku makumi asanu ndi asanu opanda nyama, mkaka, mazira kapena batala. Mapoto onse anali atakwechedwa kuti musatsale ndi kafungo komwe ka mafuta a nyama. Mabutchala a Akhristu anali otseka, mbedza zili lendelende zopanda kanthu. Otsegula anali a Asilamu okha, monga a Shemsu, ndipo nyama yozinga Msilamu silowa m'nyumba ya Mkhristu, monganso ya Mkhristu silowa kwa Msilamu. Chakudya chouma chija chitatha Lachitatu m'mawa, Mayi Etenesh anang'amba injera, buledi wopyapyala wowawasa wodyera ndiwo, n'kuthirapo shiro wotsala dzulo, tsabola ali psuu, n'kukankhira mbale kunsi kwa bedi.

"M'nyumba muno tonse tikusala. Iwe ndiwe bishopu?"

Tsiku lomwelo masana inali nthawi yawo yophikira anzawo khofi. Anayala udzu wauwisi pansi, anafukiza lubani, anakazinga mbuliwuli. Kunabwera Mayi Tiruwork a nyumba yoyandikana, amene saphonya mapemphero a m'mawa ndiponso saphonya nkhani ya munthu, pamodzi ndi amayi ena awiri. Khofi woyamba anamwa bwinobwino. Wachiwiri ali pamoto, Dama anatuluka m'chipinda, mimba ikukhudza pansi, akununkhiza.

Mayi Tiruwork anakuwa ngati aona njoka. Galu anadzidzimuka, anathawira kumene kunalibe njira, anagunda mbaula. Mtsuko wa khofi, wadothi, umene Mayi Etenesh anasiyiridwa ndi mayi awo, unagwa n'kusweka pakati. Galu anaima pangodya akunjenjemera, mkodzo ukuyenderera pa udzu uja.

"Galu m'nyumba! Pamalo omwera khofi!" anatero Mayi Tiruwork atakweza miyendo pampando. "Amake Sosina, mwasanduka azungu liti?"

"Ndi wa mwana, si wanga."

"Aa, ndiye tikuyamikireni. Mulungu wakupatsani mdzukulu wa miyendo inayi."

Amayi awiri aja anaseka, kenako anakumbukira za khanda lija, n'kusiya. Mmodzi anayang'ana m'kapu.

Mayi Etenesh anamva nkhope ikuyaka. Woyenera kutulutsidwa m'nyumbamo anali Tiruwork. Koma amene anamugwira pakhosi n'kumukokera panja anali galu. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chimbudzi, kunali kabokosi kamalata ka galu wakale wa malemu amuna awo, tcheni chake chikadali pamsomali, chadzimbiri. Agalu onse a m'dera lino amakhala motero, masana m'bokosi, usiku pabwalo. Chachilendo n'chiyani? Anamukoleka.

Dama sanauwe. Analira ngati khanda, kulira kwina kopyola m'makutu, akudzigwetsa, akuzungulira, tcheni chikulira pamalata. Mayi Etenesh anabwerera m'nyumba, anatseka chitseko, anatola zidutswa za mtsuko.

"Mwachita bwino," anatero Mayi Tiruwork. "Atopa yekha."

Anatopadi. Pofika madzulo kuseri kunali chete.

Lachinayi m'mawa anapita ndi madzi. Mbale ya injera imene anamuikira inali momwemo, ntchentche zili ng'waa. Galu anali atadzipanikiza kumapeto kwa bokosi. Chipsera chija chinali chitatseguka mbali imodzi, utali wa chala, magazi ataumira patcheni ndi paubweya wa pachifuwa. Mayi Etenesh anagwada. Anayamba kumasula ndowe ya tchenicho. Atamasula, galu sanatuluke. Sanawayang'ane n'komwe. Anatembenuzira mutu kumalata, monga mmene Sosina ankagonera.

Foni inalira m'thumba la diresi.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Dama wadya?"

"Wadya."

"Zoona?"

"Mpaka kunyambita mbale. Akufuna kudya ndi mbale yomwe."

Sosina anaseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumene mayi ake anali asanakumve chiyambire maliro a khanda lija. "Ndinadziwa ine! Mwaona, Amayi? Akuzolowerani. Mumusisite kumutu, amakonda kuseri kwa khutu lopindikalo."

"Ndamva. Mayunitsi akutha."

Anadula foni. Anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi chimbudzi, tcheni chili m'manja.

Tsikulo kumsika sanapite. Anayesa buledi woviika m'madzi. Anayesa mpunga. Anayesa kunyengerera, mawu ake osawazolowera, akutuluka ngati akuitana kasitomala. Atatopa anakalipa. "Idya, iwe! Ukufuna undiphere mwana?" Galu anangodzipinda kwambiri. Mawa Sosina abwera. Mkuja Lemlem abwera ndi galimoto yake. Akamutenga galuyu, mtsikana uja abwerera kukhoma, ndipo ulendo uno womubwezako akhala mayi ake omubereka.

Dzuwa litapendeka anatenga nsalu yoyera yopitira kutchalitchi, anafunda mpaka pamphuno, natuluka. Anadutsa butchalayo kawiri ngati akupita kwina. Kachitatu anakwera masitepe.

Shemsu anali akunola mpeni, kapu ya tiyi ili pambali. Anakweza maso, anawatsitsa, anawakwezanso.

"Lero kugwa matalala. Amake Sosina, ndinu kapena ndi mzukwa wanu?"

"Tsitsani mawu. Ndikufuna mafupa."

"Mafupa."

"Si anga."

"Ine ndanena kuti ndi anu? Mwina ndi a ansembe."

"A Shemsu, ndilibe nthawi ya nthabwala zanu. Ndi a galu. Mafupa, ndi kachidutswa ka mapapo ngati kalipo." Anayang'ana kumsewu, kenako anasendera pafupi ndi thabwa lodulirapo nyama. Mtima wamalonda sufa ngakhale munthu ali pamanyazi. "Timvane chonchi. Mundipatse ulere, ndiye nkhani ya nsawawa ija ithere pompano."

Shemsu anaika mpeni pansi. "Ayi."

"Theka la mphasa, bambo inu! Nsawawa zosankha kale!"

"Mafupa a agalu sindigulitsa, ndimataya kuseriku tsiku lililonse. Tengani mmene mungathere. Koma musakawerengere kuti ndapepesa. Mafupawa ndikupatsa galu, inu ndinu wonyamula chabe."

Anayamba kulongedza m'nyuzipepala: mafupa a m'miyendo, mapapo, kachiwindi kakang'ono kamene sanapemphedwe. Akukulunga anafunsa osawayang'ana, "Ndi uja analira dzulo masana?"

Mayi Etenesh anakokera nsalu pafupi ndi maso.

"Tinamva mpaka kuno. Mkazi wanga ankayesa mwana wapsa ndi moto."

Nsalu ija inawathandiza, poti nkhope yonse inali itatentha.

"Ine galu sindimukhudza, mukudziwa," anapitiriza Shemsu. "Koma agalu ndawadyetsa kuseri kuno zaka makumi awiri. Galu wamantha sadya munthu akumuyang'ana. Mukamuikira, mufulatire. Musalankhule, musacheuke, kaya patenge tsiku lonse. Kusalankhulako sindikudziwa ngati mungakuthe. Koma kufulatira mumakutha, mwandifulatira ine zaka ziwiri."

Anawapatsira m'jumbo yakuda. Iwo analandira ndi manja awiri mosazindikira, n'kudzikwiyira pambuyo pake.

Akutsika masitepe anakumana maso ndi maso ndi Mayi Tiruwork, akuchokera ku mapemphero a masana, kandulo ili m'manja. Maso a mayiwo anatsika kuchoka pansalu yoyera kufika pajumbo, imene inkadontha timadzi tofiira pafumbi.

"Amake Sosina! Kusala kwatha kodi? Ife belu sitinalimve."

"Ndi za galu."

"Eya, eya. Za mdzukulu." Anayang'ana chikwangwani cha butchala, anadzilemba mtanda pamphumi. "Ndiye mwafunda nsalu ya kutchalitchi kuti Mulungu asakuzindikireni?"

Mayi Etenesh anangodutsa. Msewu wa mphindi zitatu unatalika ngati wa ku Adama.

Kunyumba vuto linali poti aphikire. Poto wawo aliyense sakanakhudza nyama m'nyengo yosala, ndipo nyama iyi sakanaikhudza ngakhale pa Pasaka. Anapeza chitini chakale cha penti, anachiwaula pamoto, anachikwecha ndi mchenga, anachitereka pamafuwa kuseri kwa nyumba. Chitawira, fungo linakwera. Fungo la msuzi wa nyama, m'dera la anthu amene atha masabata atatu akudya nyemba ndi kabichi! Linadumpha mpanda, linalowa m'mawindo. Anamva zenera la kwa Tiruwork likutsekedwa mwamphamvu. Mayi wina anafuula ali kwawo, osatchula dzina, "Ena Pasaka wawafikira kale, tiwapatse moni!" Kunamveka kuseka. Choipa kwambiri, m'mimba mwa Mayi Etenesh momwe munalira, malovu n'kudzaza m'kamwa. Analavula, napempha chikhululukiro chapansipansi.

Msuzi utazizira anathiramo mpunga ndi mapapo oduladula, anaika pakhomo pa bokosi. Anaima. Anakumbukira, anafulatira. Anawerenga mpaka makumi awiri n'kucheuka. Galu anali asanasunthe.

"Nanga ufuna chiyaninso? Ndachita manyazi dera lonse chifukwa cha iwe!"

Tsikulo linapita choncho.

Lachisanu anadzuka ndi mutu wowawa. Anatenthetsanso msuzi, fungo n'kuyambiranso ulendo wake wa m'makomo mwa anthu. Ulendo uno anatenga chiguduli chimene amakhalira kumsika, anachiyala mapazi asanu kuchokera pabokosi, anakhala atafulatira, nkhope kukhoma la chimbudzi. Anatenga lichero la mphodza kuti manja apeze chochita. Pakamwa anatsekapo.

Kukhala chete ndi ntchito. Anthu amene amati kulima n'kovuta sanayesepo. Dzuwa linakwera, linawaotcha pakhosi. Miyendo inachita dzanzi. Pamphambano makasitomala awo anali akugula anyezi kwa ena. Mphodza anasankha, anabwerezanso, mwala ngakhale umodzi osatsalamo. Mawu ankabwera mpaka pammero, iwo n'kuwameza. Ndipo poti kunalibe womukalipira, anayamba kumva zimene sankafuna kumva. Miyezi isanu ndi iwiri ija, kodi anakhalapo chonchi pafupi ndi Sosina ngakhale tsiku limodzi? Ankalowa m'chipinda ndi mbale, n'kuima pamutu pake. Dzuka. Idya. Si iwe woyamba kutaya mwana. Ine ndinataya awiri ndipo m'mawa mwake ndinali pamsika. Zonsezo zinali zoona. Koma mwanayo ankangodzipinda kwambiri.

Belu la kutchalitchi la masana litalira, anamva malata akuti kwee. Kenako zikhadabo pasimenti. Kenako chete wautali. Khosi linkawayabwa kufuna kucheuka. Anagwira lichero mwamphamvu mpaka linawalasa m'chala.

Chapu. Chapu, chapu, chapu.

Anatseka maso. Anamva mbale ikukwekwerezeka pansi, lilime likuisesa. Panapita nthawi. Kenako kamphepo kofunda kanawakhudza pachigongono, mphuno yonyowa, kamodzi kokha, n'kuchoka. Sanacheuke mpaka dzuwa litafika pamwamba pa mpanda. Atacheuka anapeza galu atagona panja pa bokosi, mutu uli pangodya ya chiguduli, diso limodzi lili pa iwo.

Sosina anafika madzulo ndi masutikesi awiri pa bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu ija. Sanalowe n'komwe m'nyumba. "Ali kuti?" Anathamangira kuseri, galu anaimirira, mchira ukugwedezeka pang'ono. Mtsikanayo anagwada, anamugwira kumutu, dzanja linatsikira m'khosi. Anaima. Anayang'ana chala chake. Anayang'ana bokosi, ndi msomali umene tcheni chinali chikulendewerapo.

Bodza linali lokonzeka kale. Mayi Etenesh analikonza Lachinayi: wadzikanda pawaya wa mpanda. Linali bodza labwino, loti munthu angagule.

"Ndinamumanga," anatero. "Lachitatu. Anaswa mtsuko wa agogo ako pamaso pa alendo, Tiruwork ananena zonena zake, ine ndinachita manyazi, ndinamumanga. Anagona nacho tcheni usiku wonse. Pamene unaimba foni paja anali asanadye kanthu. Ndinakunamiza."

Sosina anakokera galu pachifuwa pake.

Linatsala liwu limodzi. Zaka ziwiri akulifuna kwa munthu wina, osadziwa kuti limalemera chonchi potuluka.

"Pepa, mwana wanga."

Sosina ananyamula galu, ngakhale anali wolemera, analowa naye m'chipinda, natseka chitseko. Mayi ake anamva akutsuka chilonda ndi madzi amchere, akulankhula naye motsitsa. Iwo analowetsa masutikesi okha. Chakudya chamadzulo anadya okha, ndipo sichinatsike.

Loweruka m'mawa galimoto ya Lemlem inaima pachipata. Mtsikanayo anakana khofi, anapempha kuona galu. Anamuyang'ana m'maso, m'kamwa, anamugwira m'nthiti. Atafika pakhosi nkhope yake inasintha.

"Ichi chachitika bwanji?"

Sosina anayang'ana pansi. "Anadzikanda pa..."

"Usaname, iwe, bodza si lako," anadula Mayi Etenesh. Analowa kuseri, anabwera ndi tcheni, anachiponya patebulo, dzimbiri ndi magazi zili pomwepo. "Ndine. Mwanayu kunalibe. Tsiku limodzi ndi usiku umodzi."

Lemlem anapuma mozama. "Mayi, ndinanena poyera. Galuyu anavutika kale ndi chinthu chomwechi. Ndiyenera kumutenga."

Sosina anagwira m'mphepete mwa tebulo. Sanalire, sanatsutse. Nkhope yake inangoyamba kuzima, monga muja inazimira chaka chatha. Mayi ake anaiona.

"Khalani pansi, mwana wanga, tikambirane," anatero kwa Lemlem. "Palibe chinthu chopanda mtengo wake. Ndipatseni mwezi."

"Si malonda awa, mayi."

"Zonse ndi malonda. Masabata atatu."

"Mayi..."

"Awiri. Tcheni ichi mutenge, mukataye kumene mukudziwa. Bokosi ndiphwasula lero, malata ndigulitsa. Mubwere tsiku lililonse limene mwafuna, osaimba foni. Mukapeza chingwe ngakhale cha nsapato pakhosi pake, mutenge galu, munditengenso ine mukanditsekere kwanuko."

"Nanga akudya chiyani? Mwezi uno nyumba zambiri zikutivuta, agalu akupatsidwa shiro."

"Funsani dera lonse chimene akudya. Funsani a Tiruwork, akuuzani ndi mtundu wa jumbo yomwe. Dzina langa latha kutchalitchi chifukwa cha msuzi wa galu ameneyu."

Anatuluka, anabwera ndi chitini cha penti chija, anathira msuzi wotsala m'mbale, anaika pansi. Kenako, pamaso pa mlendo ndi mwana wawo, mayi wamkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anayala chiguduli pakati pa nyumba, anakhala pansi, anafulatira, nayang'ana khoma ngati mwana wolangidwa kusukulu. Makutu ankawatentha. Dama anayang'ana Lemlem, anayang'ana Sosina, anazungulira tebulo, anafika pambale. Chapu, chapu, chapu. Atamaliza anapita kukagona pangodya yake ya chiguduli.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi?" anafunsa Lemlem.

"Munthu wina wopanda ulemu."

Lemlem anatulutsa kabotolo ka mankhwala a chilonda m'chikwama, anapatsa Sosina. Anakulunga tcheni m'pepala. "Sabata imodzi. Ndibwera osanena."

"Ndinati awiri."

"Imodzi, mayi."

"Tengani, mwandidyera," anatero Mayi Etenesh, monga amanenera kasitomala akawagonjetsa.

Galimoto itapita, Sosina anakhala kanthawi ataima pakhomo. Kenako anatenga chitini, anasuzumiramo.

"Mafupa atha, Amayi."

Anali mawu ake oyamba kwa iwo chibwerere ku Adama.

"Ndaona. Ndili ndi maso."

Ulendo uno nsalu yoyera anaisiya pamsomali. Anayenda pakati pa msewu dzuwa likuswa mtengo, jumbo yopanda kanthu ili m'manja. Mayi Tiruwork anali pachipata chawo ndi amayi awiri aja. Manyazi anali akadalipo, ankawayenda pamsana ngati nyerere, koma mwendo sunabwerere.

"Mukupitanso, amake Sosina?"

"Ndikupitanso. Mdzukulu wanga ali ndi njala. Mukafuna msuzi bweretsani chitini chanu."

Shemsu anawaona akubwera, anayamba kukulunga asanafike. Panali makasitomala awiri, onse anasendera kuwapatsa malo.

"Wadya?"

"Wadya."

"Munafulatira?"

"Tsiku lonse. Msana ukundipweteka mpaka pano." Anaika jumbo pathabwa. "A Shemsu, mverani. Dzulo ine ndinapepesa kwa mwana wobereka ndekha. Ndinkayesa ndifa, koma ndine pano. Silipha munthu liwu limeneli. Ndiye nanunso yesani. Theka la mphasa, nsawawa zosankha kale. Anthu awa akhale mboni."

Shemsu anamanga jumbo mfundo ziwiri, anaikankhira kwa iwo, anapukuta manja pa epuloni.

"Mafupa mubwere Lachiwiri ndi Lachisanu, ndizikusungirani a m'miyendo. Koma zopepesa, ayi. Msewu si nkhokwe, mayi."